Ndinaika Munda wa Amayi Pinyolo Chifukwa cha Usipa

Zikomo amayi otsogolera pondipatsa mpata. Ndilankhula chiimire, chifukwa ndikakhala pansi ndiyamba nthabwala, ndipo nkhani iyi si yoseketsa kwenikweni. Ambiri mukundidziwa. Ndine Veronika wa konkuno ku Chiwanga, make Tome, uja munkamutcha Apatrowa, ndiye kuti abwana aakazi. Ena munkanditcha choncho mondilemekeza, ena monyodola, koma ine zonse ndinkazilandira ndi manja awiri. Ndamva kuti pagulu lathu la chitike lino, losonkherana ndalama n'kumalandira mosinthana, pali anzathu amene akulephera kuponya, ndipo tsiku losonkhana likafika mutu umayamba kuwapweteka. Sinditchula munthu. Ndinena za ine ndekha, aliyense atolepo chomwe chikumukhudza.

Ine ndinabadwira ku Malawi, kothawa nkhondo. Titabwerera kuno amayi anga a Fostina anapeza nyumba kulibe, mudzi wonse uli tchire. Chimene anachizindikira ndi munda wa amayi awo kumtunda kwa msewu, chifukwa cha mtengo wa mango umene uli kumalire. Anausosa okha ndi chikwanje chobwereka, nabzala chinangwa. Mukudziwa kuti kuno nkhokwe yathu ili pansi pa nthaka. Umakumba cha sabata imeneyo, kuviika, kuyanika, kusinja, china chikudikira m'nthaka momwemo. Chinangwa cha m'munda umenewo ndicho chinatilera. Pomwalira amayi anatisiyira mundawo awiri, ine ndi achemwali anga a Agnesi, osaugawa. Achemwali ndiwo ankalima, uku akulera ana awo pamodzi ndi ana a malemu mchimwene wathu. Ine khasu ndinalisiya kalekale, ndinkati limawononga manja.

Ntchito yanga inali usipa. Ndinkagula kwa alovi, asodzi athu, m'mawa akangokocheza, kuyanika pathandala, kulonga m'matumba, kukweza pachapa, minibasi yathu ija, ulendo wa ku Lichinga. Nzeru yanga yaikulu inali yosunga. Ndinkagula nthawi imene usipa wachuluka, n'kuutsekera m'chipinda kudikira mwera wa mu Junyu, pamene maboti salowa m'madzi ndipo mtengo umakwera. Zaka zingapo zinandiyendera bwino. Ndinafolera nyumba ndi malata, ndinaika sola, ukwati uliwonse chitenje china, kapulana yatsopano. Pamaliro ndinkapereka chipepeso chachikulu, koma ndinkadikira kaye kuti wolengeza aime pamalo pomveka bwino. Bambo a ana anga anapita ku Nampula kukafuna ntchito. Ntchitoyo sanaipeze, njira yobwerera kuno sanaipezenso, koma ine sindinadandaule kwambiri chifukwa ndinkadzikwanira.

Pali mayi wina amene muyenera kumudziwa kuti nkhaniyi imveke. Dzina lawo ndi Abiti Amisi a ku Maniamba, bwenzi la amayi anga. Ubwenzi wawo unayamba anthu atangobwerera kuchokera kothawa, nthawi imene panalibe wogwira ndalama. Abiti Amisi akakolola ankatsika phiri ndi dengu la chimanga, amayi ankakhuthula, n'kudzaza dengu lomwelo ndi usipa. Chaka china amayi ndiwo ankakwera ndi dengu lawo. Panalibe kunenerera mtengo, panalibe kuwerenga. Amayi atamwalira, Abiti Amisi anatsikanso ndi chimanga monga mwa nthawi zonse, ndipo anandipeza pathandala telefoni ili kukhutu. Ndinawasiya ataima mpaka ndinamaliza kulankhula. Kenako ndinawauza kuti, “Amayi, zosinthanazi zinali za nthawi ya nkhondo. Masiku ano usipa uli ndi mtengo wake. Ngati mukufuna, chimangacho ndigule.” Anamanganso nsalu pamwamba pa dengu, anasenza, anakagona kwa achemwali, m'mawa anabwerera kwawo. Sanatsikenso, ndipo ine sindinaone kuti ndataya kanthu.

Kenako kunabwera chija pawailesi ankachitcha kirizi, vuto la zachuma lija, chomwe mpaka pano sichinachoke bwinobwino. Gazolina wa galimoto anakwera, chapa chinakwera, sopo ndi mafuta ophikira zinakwera. Aprofesori ophunzitsa ana athu ndi anamwino malipiro ankachedwa, ndipo akalandira ankangopita nawo kwa amene anawakongoza. Nyumba za alendo za kugombe kuno zinakhala zopanda munthu, anyamata ogwira ntchito kumeneko anauzidwa kuti adikire kunyumba. Amene ankagula usipa wodzaza lata, chitini chachikulu chija, anayamba kugula kamulu. Zonsezi ndinaziona ndi maso angawa, koma ndinazimva mokhota. Anzanga a malonda atachepetsa kugula, usipa unatchipa pagombe, ine ndinati mwayi wanga ndi umenewu. Ndigula wonse, mwera ubwera, ndipo amantha onsewa adzandipempha ntchito.

Ndalama zanga sizinakwane maloto amenewo, choncho ndinapita kwa a Bonomali, mwini zilimira, makoka aakulu a usipa, kumwera kwa gombe lathu. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, koma anati ndalama yaikulu chotere siituluka popanda pinyolo. Ndinatchula malata, anakana. Ndinatchula sola, anaseka. Iwo ankafuna munda wa kumtunda kwa msewu. Pangano linali lakuti ndibweze zonse ndi juru wake, chiwongoladzanja chija, mvula yoyamba isanagwe. Ndikalephera, akumba chinangwa chonse n'kubzala chawo. Apa ndi pamene pali nkhani, chifukwa mukudziwa nonse kuti kuno munthu akabzala chinangwa chake m'munda sungamuchotse mpaka chikhwime, ndipo akamakumba uku amakhala akubzalanso uko. Munda umapita choncho, popanda wonena kuti wagulitsidwa. A Bonomali anandifunsa ngati achemwali anga akudziwa. Ndinawayang'ana m'maso n'kunena kuti akudziwa, ndipo avomera.

Mwera unabwera pa nthawi yake, sunandinamize. Amene sanabwere ndi ogula. Ku Lichinga ndinakhala pamsika ndi matumba anga, anthu akubwera, kugwira usipa, kununkhiza, kufunsa mtengo, n'kupita kukagula masamba. Wina anandinenerera mtengo wotsika, ndinamuyankha kuti usipa wanga si wa maliro. Ndinalipira pogona, ndinalipira posungira katundu, pomaliza ndinalipira chapa kuti matumba omwewo abwerere nawo kuno. Ochepa amene ndinagulitsa, ndalama yake sinafike kwa a Bonomali. Kunali ukwati ku Metangula sabata imeneyo, ndipo ndinagula kapulana yatsopano ndi kireti ya zakumwa kuti pasapezeke wonena kuti Apatrowa agwa. Ndinavina kutsogolo, anthu akuimba dzina langa.

Usipa sudikira munthu. Unayamba kufiira, kenako kufumbutuka, tizilombo tinalowa m'matumba a pansi. Ndikatsegula chitseko cha chipindacho fungo linkandiuza zoona, choncho ndinasiya kutsegula. Ndinayamba kumwa kachasu. Sindinkapita ku baraka kogulitsa mowa ayi, Apatrowa sangaoneke kumeneko. Ndinkatuma munthu kuti akandigulire, n'kumamwera m'kapu ya tiyi pakhonde, odutsa ndikuwapatsa moni bwinobwino. Poyamba kanali kakumadzulo kokha, kenako ka masana, kenako ndisanasambe m'maso. Pa chitike ndinayamba kutumiza mawu kuti ndadwala. Moto kunyumba kwanga unasiya kuyaka, ndipo ana anga ankakadya kwa achemwali. Ankadya kondowole wa chinangwa chomwe ine ndinali nditachiika kale pinyolo, achemwali akuwagawira osadziwa kanthu. Pa zonse zimene ndinachita, ichi ndi chimene chimandiwawa kwambiri mpaka lero.

Dzuwa litayamba kutentha, mitambo ikuonekera kutali, a Bonomali anapita kukaona munda wawo wa mawa. Anapeza achemwali akukumba, anawapatsa moni, n'kuyamba kuyenda m'malire ndi alovi awo awiri, akuloza uku ndi uko. Achemwali atafunsa, a Bonomali anadabwa kuti akufunsiranji chinthu chimene anavomera okha.

Anandipeza masana dzuwa lili pamutu, nditagona pamatumba m'chipinda chija, kapu ili pambali. Anali ndi khasu m'manja, dothi lili m'miyendo. Ine ndinkayembekeza kuti akuwa, mwina andimenya ndi mpini, ndipo zikanandipepukira. Iwo anangoima pakhomo mpaka ndinadzuka.

“Veronika,” anatero, “a Bonomali akuti ine ndinavomera. Ndinavomera liti?”

Ndinayamba kunena za mwera, za kirizi, za anthu a ku Lichinga opanda ndalama, koma sanandimvere. Anatsamiritsa khasu pakhoma, anamasula thumba limodzi, anapisamo dzanja mpaka m'chigongono, anatulutsa usipa n'kuuyang'ana pakuwala. Anachita chimodzimodzi ndi thumba lachiwiri ndi lachitatu. Atamaliza anati si wonse umene wafa, ndipo mawa ndinyamule dengu la amayi, ndilidzaze, ndikwere ku Maniamba kwa Abiti Amisi. Ndinawauza kuti kumeneko sindingapite, akudziwa okha zimene ndinawanena mayi aja, ndipo manyazi angandiphe panjira.

“Manyazi akowo sindingawaviike m'madzi kuti ana adye,” anatero achemwali. “Ukwera.”

Anagulitsa nkhuku yawo kuti ndipeze ya chapa. M'mawa mwake ndinakwera ndi dengu la amayi pamiyendo, mutu ukugunda chifukwa sindinamwe. Chapa chikukwera phiri ndinkapempha mumtima kuti chiwonongeke tibwerere, koma tsiku limenelo chinayenda bwino kuposa masiku onse. Nditatsika ndinafunsa njira, chifukwa ngakhale amayi anayenda kumeneko zaka zonsezo, ine ndinali ndisanapondeko.

Chimene ndinayamba kuona ku Maniamba ndi nkhokwe. Nyumba iliyonse nkhokwe yodzaza, matumba ena ali pakhonde. Ndinamva pambuyo pake kuti ogula chimanga chaka chimenecho anabwera ochepa, ndipo mtengo umene ankanena unali wachipongwe, moti anthu anangochisunga. Chakudya anali nacho, koma ndiwo inali masamba tsiku ndi tsiku, ndalama yogulira nsomba palibe.

Abiti Amisi ndinawapeza pakhonde akutong'ola chimanga. Anali atakalamba kuposa mmene ndinkawakumbukira, koma maso anali omwe aja. Ndinatula dengu, ndinagwada, ndinapereka moni. Sanayang'ane ine, anayang'ana dengu. Anapitiriza kutong'ola chitsononkho chimene chinali m'manja mpaka chinatha, anatenga china, nachonso anachimaliza. Mawondo anga anayamba kupweteka pamiyala.

“Dengu ili ndalidziwa,” anatero. “Mwini wake anamwalira. Nanga iwe ndiwe yani?”

Ndinati ndine mwana wa a Fostina.

“Ndimayesa ndiwe Apatrowa.”

Ndinati ayi amayi, ndine mwana wa a Fostina, ndipo ndinawalakwira. Ndinawauza zonse, za munda, za bodza, za kachasu, ndili chigwadire. Sananene kuti pepa, sananenenso kuti zakukwanira. Anaitanitsa lichero, anakhuthulirapo usipa wanga pang'onopang'ono n'kuyamba kupeta. Wathunthu anauika mbali ina, wothyokathyoka mbali ina, fumbi lake mbali ina, ndipo wowola anautayira nkhuku pamaso panga. Anatenga kamodzi, anatafuna. Kenako anandiuza mosabisa kuti amayi anga sanawabweretserepo nsomba yotere, kuti a Fostina akanachita manyazi kuikweza phiri. Ndikuuzeni zoona, mtima wanga unatentha. Ndinafuna kuwauza kuti usipa umenewu ku Lichinga uli ndi mtengo wakutiwakuti, koma ndinakumbukira kuti ku Lichingako ndinabwerako nawo.

Anabwezera usipa wabwino m'dengu kuti aone pamene walekezera. Unafika pakati. Anaika chala pamenepo, anakhuthula, n'kuyamba kuthira chimanga mpaka chinafika pachalapo, n'kusiya. Anati amayi anga ankabweretsa lodzaza, iwo ankabweza lodzaza, ndipo ine ndabweretsa theka nsomba theka fumbi. Ndinavomera kuti n'zoona. Anayang'ana dengulo. Kenako anakoka thumba n'kuthiranso, kuthira, mpaka chimanga chinayamba kugwera pansi.

“Cha pamwambachi si chako,” anatero. “N'cha Agnesi, amene anandipatsa pogona tsiku lija. Ukamupatse.”

Apa ndi pamene ndinalira, ndipo sindinalire mwaulemu ayi, ndinalira ngati mwana. Iwo anandisiya ndilire, anatuma uthenga kwa anansi kuti kwabwera usipa wa kunyanja. Amayi a m'mudzimo anayamba kufika, wina ndi mbale ya chimanga, wina ndi nyemba, wina ndi mtedza. Wothyokathyoka uja anautenga wonse. Ngakhale fumbi lija, limene ine ndinkaliona ngati chitsimikizo cha kugwa kwanga, analimbirana kuti akathire m'nkhwani. Palibe anatulutsa ndalama, palibe anafunsa mtengo wa ku Lichinga. Ankangofunsa kuti ndibweranso liti, ndipo ndibwere ndi wambiri. Ndili pakhonde paja ndinamvetsa chinthu chimene amayi anga, osapita kusukulu, ankachichita zaka zonse. Ndalama ndi imene inasowa, koma anthu a kuphiri ankafunabe nsomba, ndipo ife a kunyanja tinkafunabe chimanga. Ine ndinakhala miyezi yonse ija ndikudikira ndalama pamene katundu wanga ankafunidwa kuseri kwa phiri lomwe ndimaliona tsiku lililonse.

Musaganize kuti ndinatsika phiri zonse zitatha. Mvula inali pafupi, ngongole ili yonse. Choyamba achemwali anandiperekeza kwa a Bonomali, ndili bwinobwino, osamwa. Pamaso pawo ndinanena kuti ndinanama, achemwali sanavomere kanthu. A Bonomali anakwiya, anati ndawasandutsa wakuba pamaso pa mudzi, koma anati pangano ndi pangano. Achemwali ndiwo anawafunsa kuti alovi awo amadya chiyani. Apo nkhope yawo inasintha, chifukwa mwini chilimira amadyetsa alovi ake, ndipo ufa ankagula ku Metangula pa mtengo wokwera ndi ndalama imene nawonso inkawasowa. Anavomera kulandira chimanga m'malo mwa ndalama, lata ndi lata. Juru sanachotse, ndipo sindiwanenera zoipa, chifukwa sanandikakamize kupita kwawo.

Kenako ndinagulitsa zimene zinkandichititsa kuoneka ngati Apatrowa. Sola inapita, telefoni yaikulu inapita, makapulana ndinawayala pamsika wa ku Metangula, ena anagula ndi amayi amene ali pompano, ndikuwaona avala lero ndipo akuwakhala bwino. Tinatsegula chipinda chija, ine ndi achemwali, tinapeta thumba lililonse monga anachitira Abiti Amisi. Zowola tinataya, ndipo zinali zambiri. Zotsalazo ndinayamba kukwera nazo ku Maniamba, kutsika ndi chimanga, kukatula kwa a Bonomali, kukweranso. Woyendetsa lole ina yonyamula matabwa anavomera kuti ndizimulipira ndi usipa, choncho ngakhale ulendo sunkafuna ndalama.

Kachasu sanandisiye mwaulemu. Achemwali anandiuza kuti ndizigona kwawo, pamphasa imodzi ndi ana, kuti asandichotse diso. Ndinagwanso kamodzi, tsiku limene ndinapeza kuti thumba limene ndinkalidalira lawola lonse. Achemwali sanandilalatire, anangondidzutsa m'mawa kuti lole ikudikira, ndipo ndinakwera phiri ndikusanza. Abiti Amisi atandinunkhiza anandiuza kuti ndikadzabweranso choncho ndidzabwerera ndi dengu langa. Kuyambira pamenepo sindinamwenso, koma sindinena kuti chilakolako chinatha. Ndikamva fungo lake ndimawoloka msewu.

Ndinabweranso kuno ku chitike n'kunena pamaso panu kuti sindinadwale, ndinalibe choponya. Ndinapempha kuti gawo langa lichepe, ndiziponya kochepa kamene ndingathe. Ndinkaganiza kuti mundiseka. Ena munasekadi, koma sabata yotsatira amayi ena awiri anapemphanso chimodzimodzi, ndipo ndinadziwa kuti odwala mutu tinalipo ambiri.

Mvula inagwa ndisanamalize. Ndinali ku Maniamba tsiku limenelo, ndipo nditamva madontho oyamba padenga ndinadziwa kuti nthawi yandithera. Nditatsika, tinapitanso kwa a Bonomali. Chotsala sichinali chaching'ono. Tinakambirana nthawi yaitali, achemwali akulankhula, ine ndili chete chifukwa pakamwa panga ndi pamene panayambitsa zonse. Pomaliza anavomera kuti akumbe chinangwa chonse cha mbali ya kumunsi, chokhwima bwino chija, ngongole ithere pamenepo, koma asabzale kanthu. Tinaima pansi pa mango tikuona alovi akuzula ndi kunyamula. Chinali chakudya cha ana a achemwali cha miyezi yambiri, chimene iwo anabzala, kupalira ndi kutetezera ku nguluwe. Achemwali anaonerera mpaka dengu lomaliza, sanagwetse msozi, sanandiyang'anenso. Chaka chimenecho nyumba zathu ziwiri zinkadya kamodzi patsiku. Ana amene sanakongole kanthu kwa munthu ndiwo analipira ngongole yanga.

Tsono inu amene mutu umakupwetekani tsiku la chitike, sindikudziwa kuti mwafika pati. Mwina mwangoyamba kubisa, mwina mwaika kale pinyolo chinthu chimene si chanu nokha. Ngati ndi choncho, kamuuzeni mwini mnzanuyo lero, asakamve kwa munthu amene akuyenda m'malire. Ine ndikanawauza achemwali mwera utangotha, usipa usanawole, chinangwa chija sichikanapita. Katundu amene mwatsekera m'chipinda katsegulenini mumuone, chifukwa mtengo umene muli nawo m'mutu si umene uli m'thumba. Ndipo musanyoze amene alibe ndalama koma ali ndi chimanga, nyemba kapena nkhuni. Ine masiku ano ndimagula usipa wokwana dengu ndi thumba limodzi, umene ndikudziwa kuti ndiutulutsa sabata yomweyo. Wina ndimagulitsa, wina ndimasinthanitsa, ndipo dengu la Abiti Amisi ndimayamba kudzaza ndi wabwino ndisanagulitse kwa aliyense. Sindine wolemera. Kapulana iyi mwaiona Lamulungu lapitali, mudzaionanso likudzali. Loweruka lino ndikukwera ku Maniamba, ndipo amene ali ndi usipa wosowa ogula andipeze pamsewu m'mawa, malo palole alipo.

Ndimalize ndi za munda. Alovi atachoka, nthaka ya kumunsi inatsala yokumbikakumbika, yonyowa ndi mvula. M'mawa mwake achemwali anandidzutsa, tinapita, iwo atasenza mtolo wa mitengo ya chinangwa yobzala. Anauponya pamapazi panga, anandipatsa khasu, anandifunsa ngati ndikukumbuka mbali yogwira. Ndinati ndiyesa. Anati ndiyambire kumango, ndipo mzere ukakhota andibweza. Anandibwezadi kangapo, manja anga anatuluka matuza, koma munda wa amayi tinaubzala ife.

Achemwali sananenepo kuti andikhululukira, ndipo ine sindinawafunse. Kuyambira nthawi imeneyo sindinalowepo m'mundamo ndekha. Kupalira tinkapita awiri, ndipo chinangwa chodya ankakumba iwo n'kundigawira, ine osadandaula chifukwa ndikudziwa chimene ndinachita. Chimene tinabzala chija tsopano chakhwima. Sabata yathayi anabwera kunyumba kwanga m'mawa, anatsamiritsa khasu pakhomo, anati, “Msana ukundipweteka. Kakumbe wekha, ubweretse cha nyumba zonse ziwiri.” Ndinapita, ndinakumba, ndinasenza. Pobwerera ndinawaona akuchokera kunyanja ndi ndowa yodzaza madzi pamutu, ina m'manja, akuyenda mowongoka bwinobwino. Ali kumbuyo uko, akuyang'ana pansi chifukwa sakonda kutchulidwa pagulu. Achemwali, za msana zija sindinakufunseni, ndipo sindikufunsani. Zikomo nonse pondimvera.